Yezani Kawiri Musanapope: Malangizo Ophunzitsira za Roketi ndi Botolo la Madzi

Chaka chimene ansembe a White Fathers ankatsegula mishoni pa Mua, 1902, mumzinda wa Kaluga ku Russia munali mphunzitsi wa masamu, wovutika kumva kuyambira ali mwana, dzina lake Konstantin Tsiolkovsky. Analibe roketi. Anali ndi pepala ndi pensulo basi. Mu 1903 anasindikiza masamu oonetsa kuti liwiro limene roketi ingafike limadalira zinthu ziwiri: liwiro la utsi umene ikutaya kumbuyo, ndi kulemera kwake ikakhala yodzaza poyerekeza ndi kulemera kwake mafuta akatha. Chachiwirichi akatswiri amachitcha mass ratio. Ife muno tizichitcha nambala ya kulemera.

Malangizo awa ndi anu aphunzitsi a sayansi ndi otsogolera makalabu a sayansi ku Mua, Mtakataka, Golomoti ndi m'midzi yozungulira. Mufunika masana awiri okonzekera ndi m'mawa umodzi woulutsa. Ndalama zambiri sizifunika. Inu ophunzitsa ana a vuto la kumva, phunziro ili ndi lanunso, chifukwa lonse limaoneka ndi maso. Ndipo muwauze anawo za mwini masamuwa.

1. Sankhani m'mawa wopanda mphepo, pakati pa 6 koloko ndi 8 koloko. Pewani miyezi ya mwera, makamaka June ndi July. Botolo lopanda madzi ndi lopepuka ngati tsamba, mphepo ikalitenga mukalitola m'munda mwa eni. September ndi wabwino: minda ndi yokolola kale, nthaka ndi youma. Mu October ndi November musachedwe n'komwe, chifukwa dzuwa la kuno kuchigwa limafewetsa pulasitiki, ndipo ana akayamba kufuna mthunzi manambala amasiya kuwalowa.

2. Gwiritsani ntchito bwalo la mpira, muulutsire pakati penipeni. Mukhale kutali ndi mawaya a magetsi, msewu wa M5 ndi njanji. Jambulani mzere pansi mapazi aakulu 15 kuchokera poulutsira, ana onse aime kuseri kwake. Roketi imabwerera pansi ndi nsonga, ndipo sisankha mutu.

3. Sonkhanitsani mabotolo 6 apulasitiki a malita 2, a zakumwa za gasi okhaokha monga Fanta kapena Coca-Cola. Botolo la mafuta ophikira, la madzi akumwa kapena la sikwashi musatenge. Silinapangidwe kuti lisunge mpweya wopanikizika, limaphulika. Lagalasi musaliganizire n'komwe. Onani botolo lililonse padzuwa. Lokandika kwambiri, lopindika kapena loyererako likhale lodula zipangizo. Atatu abwino kwambiri akhale maroketi. Ngati mwapeza a mamililita 500 okha, agwirabe ntchito, koma miyeso yonse ya madzi ili m'munsimu muigawe ndi 4.

4. Pitani kwa okonza njinga mukapemphe chubu chakutha chokhala ndi valavu yake. Dulani valavuyo. Semani chotsekera kuchokera ku patapata wakale wokhuthala, muphatikize zidutswa ziwiri kapena zitatu, mubowole pakati ndi msomali wotentha, mulowetse valavu. Chotsekeracho chilowe pakamwa pa botolo mothina, mpaka mukankhe ndi chala chachikulu. Chikakhala cholobodoka, kulungani ndi mphira wa chubu chomwecho. Kenaka lembani kamzere pachotsekera posonyeza pamene chalekezera kulowa. Kamzere aka musakapeputse: chotsekera chikamalowa mofanana nthawi zonse, chimafwamphukanso pa mphamvu yofanana, ndipo maulendo anu angathe kuyerekezedwa.

5. Dulani zipsepse zitatu za katoni yolimba, chilichonse chachikulu ngati chikhatho cha mwana. Zimateni ndi selotepi mozungulira phewa la botolo, kufupi ndi kukamwa, motalikirana mofanana. Kumbukirani kuti botolo liuluka chadodolido, kukamwa kuli pansi. Dulani kumtunda kwa botolo lina, muveke kumatako kwa roketi kuti kukhale nsonga, ndipo musanamate muikemo kampira ka dothi lonyowa kolingana ndi dzira la nkhunda. Ana a kunyanja safunika kuwafotokozera zambiri apa. Afunseni chimene chimachititsa kuti mcheni usambire molunjika, ayankha okha kuti mutu wosongoka kutsogolo, zipsepse kumbuyo. Popanda kadothiko roketi imangopidiguka m'mwamba.

6. Khomani zikhomo zitatu zansungwi pansi ngati mafuwa, kuti botolo likhale pamwamba pake nsonga italoza kumwamba, kukamwa kutatalikira nthaka ngati chikhatho chimodzi. Lumikizani pampu ya njinga ndi paipi yaitali mmene mungapezere. Wopopa akhale chambali, nkhope kutali. Ine tsiku loyamba ndinawerama kuti ndione chifukwa chake ikuchedwa kunyamuka. Ndinapita m'kalasi malaya atamatirira pathupi, matope mpaka m'makutu, ana akugubuduka ndi phwete. Linali tsoka laling'ono; botolo likanandipeza pachibwano bwenzi ikukambidwa ina.

7. Tsopano yezani roketi ili youma: botolo, zipsepse, nsonga ndi dothi, popanda chotsekera chifukwa chimatsala pansi. Pafunika sikelo yowerenga magalamu, ya mulabotale kapena yakukhitchini. Sikelo yokoloweka ya ogula mpunga singamve kanthu kopepuka chonchi. Onjezerani kapena chotsani dothi mpaka roketi ikwane magalamu 100. Nambala yozungulira imapeputsa masamu onse akubwera, ndipo maroketi atatu akalemera mofanana palibe gulu lodandaula kuti labedwa.

8. Ngati sikelo palibe, pangani yanu. Mangani chingwe pakati pa ndodo yowongoka, mbali imodzi mupachike roketi, mbali inayo kajumbo kopyapyala, motalikira chingwe mofanana. Thirani madzi m'kajumboko ndi sirinji yatsopano yopanda singano, mukuwerenga, mpaka ndodo igone mofanana. Mililita imodzi ya madzi imalemera galamu imodzi. Mukathira mamililita 100 ndodo n'kulingana, roketi yanu ndi magalamu 100. Mfundo yomweyi ikuthandizaninso kutsogoloku: madzi othira m'roketi simufunika kuwayeza pasikelo, kapu yoyezera ikwanira.

9. Thirani mamililita 700 m'roketi, mulembe pabolodi: yodzaza 800, youma 100. Gawani 800 ndi 100. Yankho, 8, ndiye nambala ya kulemera. Ilibe magalamu kapena makilogalamu kumapeto kwake, chifukwa imangonena kuti roketi ponyamuka ndi yolemera kangati kuposa mmene idzatsalire. Pamenepa imani pang'ono, chifukwa ana ambiri amasokoneza ndi funso lina lofanana nalo, lakuti madzi ndi gawo lanji la kulemera konse. Limenelo yankho lake ndi 700 kugawa ndi 800, kutanthauza 87.5 pa 100 alionse. Manambala awiriwa akunena chinthu chimodzi m'njira ziwiri, ndipo mabuku amagwiritsa ntchito onse. Ana alembe onse awiri, mbali ndi mbali, pa ulendo uliwonse.

10. Musanatuluke panja, yerekezani ndi zinthu zimene ana amazidziwa. Galimoto yaing'ono ya makilogalamu 1,000 ikamwa malita 40 a petulo imaonjezera makilogalamu 30 okha. Nambala yake ndi 1.03. Imakwera Khwekhwerere mpaka kumtunda kwa Dedza ndi mafuta ochepa chonchi chifukwa matayala ali ndi msewu wokankha, ndipo mpweya woyatsira mafuta injini imaupeza ulere panjira. Roketi ilibe zonse ziwiri. Iyenera kunyamula mafuta, kunyamula okosijeni wowayatsira, ndipo chokankha chake ndi utsi womwe ikutayawo. Kenaka tulutsani dzira. Yezani lathunthu, muliswe, muyeze chikungwa chokha. Mupeza kuti chikungwa chili pafupi ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Roketi yopita mumlengalenga imamangidwa ngati dziralo: zamadzimadzi zokhazokha, chitini chopyapyala.

11. Jambulani tebulo la miyeso isanu ya madzi: 0, 300, 700, 1,000 ndi 1,500. Ana awerengere okha nambala ya kulemera ya muyeso uliwonse. Apeza 1, 4, 8, 11 ndi 16. Mwana aliyense alembe m'kope muyeso umene akuganiza kuti upita patali kwambiri, asanaone kanthu. Ambiri asankha 1,500. Musawatsutse. Munthu akalemba ganizo lake ndi dzanja lake, zotsatira zimamukhudza.

12. Gawani ntchito: wothira madzi, wotseka, wopopa, wowerenga mapopedwe mokweza, awiri ogwira wotchi ya pafoni, wolemba, ndi wokatola. Yambani ndi botolo lopanda madzi, muzikwera muyeso ndi muyeso. Muyeso uliwonse uuluke katatu. Ulendo umodzi ukhoza kunama, mwina chotsekera chinalowa mopendama. Maulendo onse akhala 15, madzi osakwana ndowa imodzi ya malita 20, choncho tungani pamjigo dzulo lake. Chotsekera chikakana kufwamphuka wopopa atayamba kulemedwa, lekani kupopa. Masulani paipi kumbali ya pampu, koma musayandikire mpaka mutatsimikiza kuti mpweya watuluka m'botolo.

13. Yambitsani wotchi roketi ikanyamuka, muimitse ikagunda pansi. Chulukitsani masekondiwo ndi iwo okha, yankho mulichulukitse ndi 1.2. Mupeza kutalika m'mamita. Masekondi 3 ndi mamita pafupifupi 11, masekondi 4 ndi mamita 19. Njira iyi imakometsera pang'ono, chifukwa mpweya umachedwetsa botolo potsika. Poyerekeza ulendo ndi unzake ndi yokwanira. Tengani nthawi yapakati mwa maulendo atatu aja.

14. Khalani pansi pamthunzi ndi tebulo lanu. Mupeza kuti botolo louma langodumpha, la 300 lapita bwino, la 700 lapita kuposa onse kapena pafupi, la 1,000 layamba kubwerera m'mbuyo, la 1,500 lanyamuka molemedwa ngati munthu wakhuta nsima ya kondowole, n'kugwa madzi akadali m'kati. Apa ndi pamene pagona phunziro, musathamange. Nambala 16 ija inali ya papepala. Madzi amene sanatuluke si mafuta, ndi katundu. Tolani botololo, muyeze madzi otsala, muwerengerenso. Ngati mwatsala mamililita 500, ndiye kuti roketi yamaliza ndi magalamu 600, ndipo nambala yake yeniyeni ndi 1,600 kugawa ndi 600, osafika n'komwe 3. Funsaninso wowerenga mapopedwe: aona kuti botolo lodzaza kwambiri linafwamphuka msanga, mapopedwe ochepa. Malo a mpweya anali ochepa, ndiye mphamvu yokankhira madzi inatha msanga. N'chifukwa chake botolo limafuna madzi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Akatswiri a maroketi enieni nawonso amawerengera mafuta otsalira m'mathanki ndi m'mapaipi ngati gawo la chitini.

15. Bwererani m'kalasi, mutulutse kakyuleta yokhala ndi batani lolembedwa ln. Masamu a Tsiolkovsky ndi awa: liwiro limene roketi ipeze ndi liwiro la utsi kuchulukitsa ndi ln ya nambala ya kulemera. Ana adinde okha. Ya 2 ipereka 0.69, ya 4 ipereka 1.39, ya 8 ipereka 2.08, ya 16 ipereka 2.77. Auzeni ayang'ane kusiyana kwake. Nthawi iliyonse nambala ikawirikiza kawiri, phindu loonjezereka ndi lomwelo, 0.69 basi. Kuchoka pa 1 kufika pa 2 mwathira magalamu 100. Kuchoka pa 8 kufika pa 16 mwathira magalamu 800, malipiro ake omwewo. Chifukwa chake n'chosavuta: mafuta oyamba kupsa ntchito yawo yaikulu ndi kunyamula mafuta anzawo. Ofuna chithunzi aganize za munthu ali m'bwato panyanja, nkhafi yatayika, koma ali ndi mulu wa miyala. Akaponya mwala kumbuyo bwato limasuntha. Miyala yoyamba imalisuntha pang'ono chifukwa bwato likadali lolemedwa ndi miyala inzake. Yomaliza ndiyo imalithamangitsa. Dziwani kuti masamuwa sawerengera mphamvu yokokera pansi kapena kukana kwa mpweya, ndipo m'botolo liwiro la madzi limatsika mpweya ukamachepa. Musayembekeze kuti afanane ndendende ndi zimene mwaona pabwalo.

16. Perekani nambala yofunika kuti chinthu chizizungulira dziko. Chimafunika kuthamanga makilomita 7.8 pa sekondi, ndipo mukaphatikiza zotayika pokwera, roketi iyenera kukhala ndi mphamvu ya makilomita pafupifupi 9.4 pa sekondi. Utsi wa parafini woyaka ndi okosijeni umatuluka pa makilomita pafupifupi 3 pa sekondi. Gawani 9.4 ndi 3, mupeza 3.13. Ana afufuze nambala imene ln yake ndi 3.13, aipeza pafupi ndi 23. Ndiye kuti pa makilogalamu 23 alionse ponyamuka, 22 ndi mafuta, imodzi yokha ndiyo ya thanki, injini, mawaya ndi katundu. Ngakhale dzira lija silifikapo. Sinthani mafuta, muike haidirojeni, amene utsi wake umafika makilomita 4.4 pa sekondi: nambala yofunika imatsika kufika pa 8 ndi theka. Mwana wochenjera adzuka n'kunena kuti botolo lathu lili kale ndi 8. Muyamikireni, kenaka mumuuze kuti madzi ake amatuluka pa mamita 20 kapena 25 pa sekondi, osati 4,400.

17. Tsiku lomwelo mphepo isanadzuke, kapena m'mawa wina, ikani katundu. Thirani mchenga wa magalamu 200 m'kajumbo, muumatire m'nsonga, madzi akhale 700 omwe aja. Yodzaza tsopano ndi 1,000, youma 300, nambala yagwa kuchoka pa 8 kufika pa 3.3. Ulutsani katatu, muone mmene yafupikira. Kenaka werengerani nambala yachitatu, gawo la katundu: 200 kugawa ndi 1,000, kutanthauza 20 pa 100. Iyi ndiyo nambala ya mwini katundu, amene funso lake ndi la wochita geni wokweza matumba a mpunga wa ku Bwanje palole: pa kulemera konseku, changa ndi chingati? Samalani ndi chinthu chimodzi. Katundu wochepa, magalamu 20 kapena 30, nthawi zina amapititsa botolo patali kuposa kale, chifukwa lopepukitsitsa limagonja ku mpweya. Zikachitika musabise. Muikemo wokwanira kuti kusiyana kuoneke.

18. Lembani pabolodi maroketi enieni, ana awerengere okha gawo la katundu. Roketi imene inanyamula Sputnik 1 pa 4 October 1957 inkalemera matani pafupifupi 267, koma Sputnik mwiniyo makilogalamu 83.6, osakwana matumba awiri a chimanga. Saturn V, imene inanyamula Apollo 11 mu July 1969, inkalemera matani pafupifupi 2,900, ndipo katundu amene inkatha kuponya ku mwezi ndi matani ngati 45, osafika 2 pa 100. Chigawo chake choyamba chinkapsereza matani 13 pa sekondi iliyonse. Falcon 9 ya masiku ano imalemera matani 549, ndipo imafikitsa matani 22.8 m'njira yapafupi yozungulira dziko, pafupifupi 4 pa 100. Chigawo choyamba chikafuna kubwerera kudzatera, katundu amachepanso chifukwa mafuta ena asungidwira ulendo wobwerera. Mukhoza kutchulanso mnansi wathu Edward Makuka Nkoloso wa ku Zambia, mphunzitsi wa sayansi amene mu 1964 analengeza zotumiza anthu ku mwezi, n'kumaphunzitsa achinyamata powagubuduza m'migolo pachitunda pafupi ndi Lusaka. Anthu amamuseka mpaka lero. Ine ndimati ana asaseke asanawerengere: apatseni kulemera kwa munthu mmodzi ndi mgolo wake, makilogalamu 100, achulukitse monga mwa Saturn V, aone matani angati akanafunika pansi pa mgolowo.

19. Malizani masamu ndi funso la chifukwa chake roketi imaduka zigawo m'mwamba. Jambulani maroketi awiri, iliyonse matani 100: mafuta 88, chitini 10, katundu 2. Yoyamba ndi thunthu limodzi. Imanyamuka ndi 100, imatsala ndi 12, nambala yake 8.3, liwiro makilomita 6.4 pa sekondi ngati utsi uli pa 3. Yachiwiri muidule pawiri. Chigawo chapansi chili ndi mafuta 72 ndi chitini 8; chapamwamba mafuta 16, chitini 2, katundu 2. Chapansi chikapsa, 100 yatsika kufika pa 28, nambala 3.57. Tayani chitini cha matani 8. Chapamwamba chiyamba ndi 20, chimaliza ndi 4, nambala 5. Manambala a zigawo amachulukitsidwa, saphatikizidwa: 3.57 kuchulukitsa ndi 5 ndi pafupifupi 18, liwiro makilomita 8.6. Mafuta omwewo, chitsulo chomwecho, katundu yemweyo, kusiyana makilomita oposa 2 pa sekondi, kungochokera pa kutaya thanki louma panjira. Mwana amene anakankhapo njinga pa Khwekhwerere amvetsa msanga chifukwa chake chigubu chikatha madzi chimakhala mdani. Onaninso kuti 8.6 sinafikebe pa 9.4. Musawapatse yankho. Asinthe okha manambala, achepetse katundu kapena aike haidirojeni m'chigawo chapamwamba monga anachitira a Saturn V, mpaka akwanitse.

20. Musanabalalike, tolani zidutswa zonse za pulasitiki ndi selotepi, mbuzi zingadye. Onaninso botolo lililonse padzuwa. Limene lakandika pogwa kapena layera paphewa mulibowole ndi msomali kuti wina asadzalipope mwangozi. Zotsekera ndi valavu sungani inu m'kabati, osati ana. Tebulo lilembedwe bwino m'kope la kalabu, ndi tsiku, ola ndi mmene mphepo inalili. Chaka chamawa gulu latsopano liyambire pamenepo, liyese miyeso ya 500, 600, 700 ndi 800 yokha, kasanu uliwonse.